Chingwe Chimene Ndinamanga pa Linthipe

Kumanda a kwawo kwa akazi anga kuli mtumbira umene mulibe munthu. Muli thunthu la nthochi. Aliyense wamkulu pamudzi pathu amadziwa zimenezi, poti ndi mmene timachitira munthu akafera kutali mtembo wake osapezeka: adzukulu amadula nthochi, n'kuikulunga mumphasa, n'kuiika m'manda kuti anthu alire, maliro athe. Mtumbirawo ndi wa alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa akazi anga, amene anali mwinimbumba. Chimene anthu sankadziwa n'chakuti mtembowo unapezeka. Ndinaupeza ndine. Ndinauika ndekha m'mbali mwa Linthipe, kenaka n'kubwera kumudzi kudzanena kuti madzi apita nawo.

Chaka chatha, chimanga chili pafupi kuuma, akazi anga anaitanitsa ana a alamuwo kuti akambirane zomanga chiliza. Ine ndinakhala pakhonde ndikusoka dengu, poti mkamwini salowerera nkhani za manda a eni ake, ngakhale atakalambira pamudzipo. Ndinawamva akazi anga akunena kuti, "Ndisafe ndisanaone dzina la achimwene pa simenti. Tikangokolola tiumbe njerwa."

Kuyambira tsiku limenelo thupi langa linakana kukhala pamodzi. Ndikapita kudimba ndinkasiya khasu pakati pa mzere. Ndinkayenda mpaka kumsika kwa Mayani, kuzungulira mabenchi onse, n'kubwerera osagula ngakhale machesi. Nthochi yokha ndinali nditaizolowera, chifukwa dothi limatitimira, udzu n'kumera, anthu n'kuiwala. Koma simenti siiwalika. Ankafuna kulemba dzina la munthu pamwamba pa bodza langa, ndipo mkazi amene ndakhala naye zaka zoposa makumi anayi akanagwada pamenepo mpaka imfa yake.

Zonsezi zinayamba ndi mtengo wa mbawa umene unagwa ndi mphepo kumunsi kwa dimba la apongozi anga. Nthawi imeneyo n'kuti nditangolowa chikamwini, mwana wathu woyamba ali kumsana. Alamu anga anali munthu wa maganizo ambiri, wosachedwa kutengeka. Anamva kumsika kuti kunyanja mitengo ikuluikulu yatha, ndipo asodzi amalimbirana bwato la mbawa. Tinasema mtengowo miyezi iwiri, ife anthu a kumapiri amene bwato tinkangolionera patali. Litatha tinalikoka ndi ng'ombe mpaka kumtsinje. Galimoto yolinyamula panalibe, ndiye alamu anati madzi omwewa atinyamule, si onse akupita kunyanja komweko?

Ine kusambira ndinkadziwako pang'ono, kwa m'maiwe a kubusa. Iwo sankadziwa n'komwe. Tsiku lachiwiri madzi atayamba kuthamanga ndinaona nkhope yawo yasintha, manja agwiritsa m'mbali mwa bwato. Amene analankhula ndine.

"Alamu, bwato ndi mtengo, silimira. Ndikumangeni m'chiuno, kuti likagubuduzika musasiyane nalo."

Anaseka. "Mwandiyesa thumba la chimanga, alamu?"

Koma anakweza manja, ine n'kuwamanga. Chingwe chake chinali chachikopa, chomangira katundu pangolo ya apongozi. Mfundo yake inali imene anandiphunzitsa bambo anga, ija imalimbirabe ngolo ikamagwedezeka. Mbali inayo ndinailowetsa pabowo la kumbuyo kwa bwato. Ndinaikoka kawiri kuti nditsimikize, monga amachitira mlimi wosamala.

Pamathithi bwato linagubuduzika. Ine madzi anandiponyera pamwala. Bwato linapitirira litavundikira, iwo ali kunsi kwake. Ndinatsata mtsinje wapansi masiku awiri, n'kulipeza litakodwa m'mizu padziwe lina. Katundu yense amene ndinamanga anali momwemo, mpaka nkhwangwa. Mfundo zanga sizinamasuke ngakhale imodzi. Alamu zala zawo zinali pamfundo ya m'chiuno, zikhadabo zitathyoka. Chikopa chikanyowa chimatupa. Zimenezo ndinkazidziwa bwino lomwe kuchokera pangolo, koma sindinaziganize.

Ndinadula chingwecho ndi mpeni. Ndinaona mkwingwirima umene chinasiya m'chiuno mwawo, ndipo ndinaganiza za adzukulu posambitsa mtembo, ndi za mkamwini amene wachoka ndi mwinimbumba n'kubwera naye ali ndi chipsera cha chingwe. Ndinachita mantha. Ndinakumba ndi nkhwangwa ndi manja pansi pa mkuyu, pamene kamtsinje kena kamathira mu Linthipe kuchokera kumanzere, kungopitirira mwala waukulu wooneka ngati nkhokwe. Pamwamba ndinaunjikapo miyala. Bwato ndinalikankhira m'madzi. Kachidutswa ka chingwe kokhala ndi mfundo ndinakaika m'thumba la kabudula, sindikudziwa chifukwa chake, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikukasamutsa, kuchoka kudenga kupita m'chitini, kuchoka m'chitini kupita pansi pa sutukesi.

Sukulu ndinalowa ndili ndi imvi, ija ya kwacha, tikukhala pa njerwa kuseri kwa tchalitchi. Anzanga ankati ndikufuna kumawerenga ndekha Baibulo. Ine ndinkafuna njira yoti nkhaniyi ituluke osadzera pakamwa. Ndinailemba katatu m'makope. Koma akazi anga sawerenga, ndipo kupatsa mwana kuti awawerengere ndinalephera. Makope onse atatu anathera pamoto.

Padoko la kwathu panali bambo wina wowolotsa anthu ndi njinga zawo, Msilamu wa kumunsi kufupi ndi nyanja, wa zaka ngati makumi asanu, wapakamwa posauma. Mlatho utamangidwa ntchito yake inatha, ndipo ndinamva kuti akufuna kubwerera kwawo ndi bwato lake pamadzi, mtsinje usanaphwe. Ndinamupeza akumata ming'alu ndi phula.

"Achimwene, munditenge."

"Madala, kumunsiko mukufunako chiyani? Minibasi zatha?"

"Pali malo amene ndikufuna kukawaona."

"Dzina lake?"

"Sindilidziwa. Ndimawadziwira pamadzi. Ndikadzera kumsewu sindingawapeze."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Kusambira mumatha?"

"Kale."

"Kale ndiye kuti ayi. Anthu a kumapiri inu madzi mumawadziwira m'ndowa. Chabwino, bwerani, ndikufuna wondithandiza kukoka. Koma mukafa ine sindikudziwani."

Akazi anga ndinawauza kuti ndikukathandiza munthu kutsitsa bwato. Anasiya kupeta, lichero lili m'manja.

"Inu ndi bwato? Mwaiwala?"

"Sindinaiwale."

Anandikazingira chimanga ndi mtedza, n'kundiikira mbatata ya kachewere m'kathumba, pamodzi ndi bulangete lawo, lija lolemera.

Tinanyamuka m'mawa kukali nkhungu. Polongedza katundu manja anga anachita okha zimene anazolowera: ndinatenga chingwe n'kuyamba kumanga matumba athu kumtanda wa bwato. Mwini bwato anandigwira pamkono.

"Masulani."

"Angagwe."

"Agwe. Masulani, madala. Imeneyo ndi mfundo ya ngolo. M'bwato chilichonse chizitha kutuluka chokha. Mukafuna kumanga, mangani chonchi." Anapinda chingwe, n'kulowetsa, n'kukoka nsonga kamodzi, chonse chinamasuka. "Kwathu zimenezi munthu amaziphunzira asanayambe kuvala kabudula."

Ndinamasula mfundo yanga. Ndinakhala pakati pa bwato, chikwama changa pamiyendo, m'kati mwake muli kachidutswa kaja nditakakulunga m'jumbo ya shuga.

Tsiku loyambalo tinakoka kwambiri kuposa kukwera. Linthipe wa kumtunda ndi wa miyala, ndipo pena madzi ankangofika m'maondo. Iye ankatsogola ndi chingwe, ine ndikukankha kumbuyo, nsapato zili m'khosi. Pamene madzi anali akuya tinkakwera, iye n'kumapalasa ndi nkhafi, pena kukankha ndi nsungwi. M'mbali monse munali madimba a kabichi ndi mpiru, azimayi akuchapa pamiyala, ng'ombe zikumwa. Anthu ankaimirira kutiyang'ana. Mayi wina anakuwa kuti, "Agogowo mukuwapititsa kuti?" Mwini bwato anayankha kuti, "Kukawakwatitsa kunyanja!" Azimayi onse anaseka, ine n'kukweza chipewa. Pamene tinadutsa zaka zija panalibe madimba ochuluka chonchi. Kunali bango ndi mitengo mpaka m'madzi. Ndinayamba kuda nkhawa kuti ngati kuno kwasintha chotere, nanga kumene ndikupitako.

Dzuwa litapendeka tinakokera bwato pamchenga. Tinazika nsungwi zinayi n'kuyalapo pepala lakuda la pulasitiki. Iye anatawaza, kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, n'kuyala thumba pamwala, n'kuyamba kupemphera. Ine ndinalephera kukhala. Ndinapita kukatola nkhuni, kubwera nazo, kupitanso, kubweranso. Atamaliza anapeza mulu wofika m'chiuno.

"Madala, nkhuni zonsezi tiwotcha njovu?"

"Kuzizira."

"Kuzizira kuli m'matako mwanu, chifukwa simukhala pansi. Khalani, mbatata yapsa."

Ndinakhala, ndinadya imodzi, n'kuimiriranso kukaona ngati bwato lili bwino. Pogona anasirira bulangete lija, n'kunena kuti andilanda likhale malipiro a ulendo.

Tsiku lachiwiri madimba anatha. Mtsinje unalowa pakati pa mapiri, magomo ataimirira mbali zonse ziwiri. Foni yake inasiya kugwira. Anyani ankatiyang'ana ali pamiyala osasuntha n'komwe, ndipo patali m'nkhalango munkafuka utsi wa anthu owotcha makala. Chisanu cha kwathu chinayamba kutsalira m'mbuyo, thukuta n'kuyamba. Cha kumasana mwini bwato anasiya kupalasa, n'kupendeketsa mutu.

"Mukumva?"

Ndinali nditamva kale. Phokoso limenelo ndimalimva ngakhale m'tchalitchi.

Anakhotetsera kumtunda. Tinatsitsa katundu yense n'kumunyamula pamutu kudzera m'miyala. Kenaka tinabwerera kudzatsitsa bwato lopanda kanthu, iye atagwira chingwe chakutsogolo, ine chakumbuyo, tikuyenda m'mphepete, kulilola pang'onopang'ono. Ntchito imeneyo inatidyera theka la tsiku. Titafika kumunsi ndinatembenuka kuyang'ana mathithiwo. Anali aang'ono. M'maganizo mwanga zaka zonsezi anali aatali ngati tchalitchi cha ku Bembeke, koma anali ngati khonde la nyumba chabe. Mwala umene unandipulumutsa unali pomwepo, pamwamba pake pali zitosi za mbalame.

"Pano sakwerapo munthu," anatero mwini bwato akupukuta nkhope. "Ngakhale ife a kunyanja. Wopenga yekha."

"Ine ndinakwerapo."

Anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Ndinakhala pamwala, n'kutulutsa jumbo ija, n'kumupatsa. Anatembenuza mfundoyo m'manja. Inali yakuda, yolimba ngati fupa. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa mbawa mpaka pa nthochi. Aka kanali koyamba kuti nkhaniyi idzere pakamwa panga, ndipo inatuluka yaifupi kuposa mmene ndinkailembera.

Kenaka anati, "Ndiye chifukwa chake mumangoyang'ana kumanzere."

"Ndinapha munthu, achimwene?"

"Musandifunse ine, sindine shehe, sindine wansembe wanu." Anandibwezera jumboyo. "Kumangako munamanga mwaumbuli. Anthu a kumapiri mumaganiza kuti chilichonse chomangidwa n'chosungika. Koma kubisako munabisa mukudziwa. Mayiwo ali moyo?"

"Ali moyo. Bulangete limene mumafuna kundilanda lija ndi lawo."

Sanaseke. Tsiku limenelo sanandinyozenso, ndipo ndinaona kuti kunyozako kunali bwino.

Tsiku lachitatu ndi limene linandivuta koposa. Ndinkadziwa kuti kuchokera pamathithi ndinayenda wapansi masiku awiri, koma anali masiku a munthu wovulala, wobwerera m'mbuyo kukasuzumira m'bango lililonse. Pabwato ukhoza kukhala mtunda wa tsiku limodzi kapena theka. Mwala uliwonse waukulu unkaoneka ngati nkhokwe. Ndinamuimitsa koyamba, tinakwera kumtunda, panalibe kamtsinje. Ndinamuimitsa kachiwiri, kamtsinje kanalipo koma kumanja. Kachitatu ndinalowa m'tchire mpaka minga inanding'ambira malaya, n'kupeza dzenje la makala basi. Mikuyu yambiri inali itadulidwa, kwatsala zitsa. Bwato nalo linayamba kulowa madzi pamng'alu wina, ndipo ntchito yanga inali yokapa ndi chigubu chodula. Ndinkakapa maso ali kumtunda, madzi ena n'kumawathira m'bwato momwemo.

Nditamuimitsa kachinayi anamenyetsa nkhafi m'madzi.

"Madala, mtsinjewu ukuphwa tsiku ndi tsiku. Mukufuna bwato langali ndikalisiye pamiyala?"

"Pano pokha."

"Pajanso munati pano pokha! Mwina madzi anakokolola kalekale. Mwina munalota. Zaka makumi anayi, inu mukuyesa mtsinje umadikira munthu?"

"Ndiye nditsitseni, ndiyenda wapansi."

"Muyenda wapansi ndi timiyendo ta nkhuku ito? Khalani pansi!"

Tinakwera kumtunda kachinayiko. Panalibe kanthu. Pobwerera sanandiyang'ane. Madzulo tikumanga kamsasa kathu ananena mofatsa kuti mawa dzuwa likafika pamutu tikhala titatuluka m'mapiri, kumene mtsinje umatambasuka ndipo ng'ona zimayamba, ndipo kumeneko saimanso. Ndinavomera. Ndinayamba kuganiza zimene ndikachite ndikabwerera chimanjamanja. Kuuza munthu kuti mlongo wanu ndinamuika penapake koma sindikudziwa pati, kuli bwino kungomusiyira nthochi yake. Ndinazindikira kuti mbali ina ya mtima wanga ikufuna kuti malowo asapezeke, ndipo ndinadzida.

M'mawa wa tsiku lachinayi tinanyamuka osamwa tiyi. Mapiri anayamba kufupika, madimba n'kuyambanso. Ine ndinali nditasiya kuloza. Amene anaona ndi iye.

"Madala, nkhokwe za kwanu zimakhala ndi denga lopendekeka chonchija?"

Mwalawo unali kutsogolo kwathu, wozungulira, pamwamba pake pali wina wophwatalala. Kungoupitirira, kamtsinje kanatulukira kumanzere. Koma mkuyu panalibe. Panali dimba la tomato lotchingidwa ndi minga, ndipo mayi wina wa msinkhu wa mwana wanga wamkazi ankathirira.

Tinaimitsa bwato m'mbali mwa dimbalo. Mwini bwato anandigwira m'khwapa ngati wodwala.

"Odi kuno, mayi!"

"Odini. Mwadzera pamadzi? Tomato sanapse, bambo."

"Sitikufuna tomato," ndinatero. "Kodi pano panali mkuyu?"

"Unalipo. Anadula a makala. Chitsa chake ndi icho."

Chitsacho chinali pakati pa dimba. Mizere ya tomato inkabwera mowongoka, ikafika pamenepo n'kukhota, kusiya malo ngati mphasa imodzi. Pamalopo panali miyala, ina itatitimira, koma yoonekeratu kuti inaunjikidwa ndi manja. Udzu unali wolambulidwa.

"Pamenepo bwanji simulimapo?"

"Pali munthu," anatero mayiyo, ngati akunena za nyengo. "Amayi anga ndiwo anayamba kulima dimba lino. Atapeza miyalayo anati awa ndi manda, musapondepo. Anafunsa m'midzi yonse, palibe anadziwa. Ndiye timangolambula chaka ndi chaka. Munthu ndi munthu." Anaika pansi chothirira chake n'kundiyang'anitsitsa. "Ndi wanu?"

"Ndi alamu anga."

"Kwawo akudziwa kuti ali pano?"

"Ayi."

"Ha! Bambo inu."

Anamasula chitenje n'kuchimanganso bwino, n'kugwada chapatali. Ine ndinavula chipewa. Ndinayesa kupemphera koma mawu amene anabwera anali akuti, alamu, ndabwera. Anthu achilendo anawalambulira zaka zonsezi, pamene ine ndinkapita ndi khasu kukalambula pa nthochi.

Ndinatapa dothi pang'ono m'mbali mwa miyala n'kuliika m'jumbo. Ndinafunsa dzina la mudziwo ndi njira yochokera kumsewu, mayiyo n'kundifotokozera potsikira minibasi ndi pokwerera kabaza. Ndinatulutsa kope ndi pensulo n'kulemba zonse, pang'onopang'ono, kenaka n'kumuwerengera kuti anditsimikizire. Mwini bwato anali atatsitsa kale chikwama changa ndi bulangete.

"Ine ndapita, madala, madzi akundithawa. Bulangeteli ndakusiyirani, mungakafe ndi chisanu cha kwanu."

"Zikomo, achimwene."

"Zikomoyo musungire mayiwo. Mukanene, mwamva? Musakafike n'kuyambanso kutola nkhuni."

Ndinafika kumudzi mawa lake madzulo. Sindinanene tsiku limenelo. M'mawa mwake ndinawapeza akazi anga pamphasa kuseri kwa nyumba akutongola chimanga. Ndinakhala pansi, osati pampando, n'kuika mfundo ija patsogolo pawo, pambali pake jumbo ya dothi. Anaitola, n'kuiyandikitsa kumaso.

"Ichi ndi chingwe cha ngolo ya bambo. Munati chinapita ndi madzi."

Ndinawauza. Sindinasiye zala kapena zikhadabo. Manja awo anapitiriza kutongola kwa kanthawi, ngati sakudziwa kuti mwini wake wamva chiyani, kenaka anaima. Ndinkayembekezera kukuwa. Iwo anafunsa motsitsa mawu.

"Munawasambitsa?"

"Ndinawasambitsa."

"Maso munawatseka?"

"Ndinawatseka."

"Munawakulunga m'chiyani?"

"M'bulangete langa."

"Mutu munalozetsa kuti?"

"Kumene timalozetsa kuno. Ndinadikira dzuwa kuti ndisalakwitse."

Anagwedeza mutu. Kenaka anati, "Amayi anamwalira akufunsa ngati ng'ona zinawadya achimwene. Inu munali pomwepo, mutagwira nyali." Anaimirira, n'kutenga mfundo ndi dothi, n'kulowa m'nyumba. Chimanga anachisiya pamphasa, nkhuku n'kuyamba kudya, ine osaziingitsa.

Masiku asanu sanandilankhule. Chakudya ankandiikira pakhonde n'kuchoka. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anaitanitsa ana a alamu, n'kunena kuti, "Atsibweni anu akunyumbawa ali ndi mawu." Ndinanenanso zonse, kachitatu tsopano, ndipo sizinapepuke. Mwana wamwamuna, amene bambo ake anamusiya akuyamba kumene kuyenda, anaimirira ndisanamalize n'kutuluka. Mpaka lero tikakumana panjira amayang'ana kumbali. Sindimuimba mlandu.

Anthu atabalalika akazi anga anaima pakhomo.

"Pa nthochi sitimangapo kanthu. Mundiperekeze."

"Ndi kutali. Miyendo yanuyo…"

"Inu munafikako bwanji?"

Tinapita Loweruka, iwo, ine ndi ana aakazi awiri a alamu. Kuchoka kunyumba mpaka pokwerera minibasi kwa Mayani anayenda patsogolo, ine pambuyo ndi chikwama. M'minibasi anakhala pawindo. Njira ndinkawerenga m'kope muja, ndipo sitinasochere. Titatsika pakabaza tinayenda kanjira ka m'madimba, mtsinje ukumveka kutsogolo. Mwala uja utangoonekera ndinati, "Ndi apo."

Anaima, n'kuvula nsapato. Anamanga chitenje m'chiuno. Kenaka anayamba kulira maliro, mokweza, monga amachitira mkazi akamayandikira nyumba ya siwa, akuitana achimwene, achimwene, mwagona kutchire ngati mulibe abale. Ana aja analandira. M'madimba monse azimayi anaweramuka, ndipo mmodzimmodzi anasiya makasu ndi ndowa n'kubwera, osafunsa kuti wamwalira ndani, mayi wa tomato uja ali patsogolo. Anakhala pansi mozungulira miyala ija n'kulira nawo. Ine ndinakhala patali pamene amakhala amuna, ndekha, mpaka abambo awiri a m'mudzimo anabwera kudzakhala pambali panga, n'kundipatsa moni wa pamaliro.

Chiliza chinamangidwa komweko, eni dimba atalola. Njerwa anaumba ana a alamu. Ine sanandilole kugwira njerwa kapena simenti. Anandipatsa ntchito yotunga madzi kumtsinje, ndipo ndinatunga mpaka inatha. Mfundo ija sindikudziwa kumene akazi anga anaiika, ndipo sindinafunse. Amandilankhula tsopano, za mbewu, za mbuzi, za denga lodontha. Popita kutchalitchi amayendabe patsogolo. Tsiku lina ndikumanga mtolo wa nsungwi panjinga ndinaona aima pakhomo akuyang'ana manja anga. Ndinamasula, n'kumanganso mmene anandionetsera mwini bwato. Anayang'ana mpaka ndinamaliza, n'kubwerera m'nyumba.